Zining'a za Cingerezi Sizimasuliridwa Liu ndi Liu

Inu amene mukonzekera nchito ya uphunzitsi, musathamangire kumasulira zining'a za Cingerezi liu ndi liu. Wophunzira wa ku Spain ali ndi mwai pa zining'a zina zonena za mabuku. Akamva "read between the lines" sabvutika, pakuti m'cinenero cace muli "leer entre líneas", ndipo zonse ziwiri zitanthauza kuzindikira zimene mlembi sanalembe poyera. Mwana wa ku Katete alibe mwai wotere. Mukamuuza kuti awerenge pakati pa mizere, adzayang'anadi m'mipata yopanda malembo, osapezamo kanthu, ndipo wolakwa mudzakhala inu.

Ine ndiona kuti nkwabwino kuyambira pa zimene mwana anamva kale kwa agogo ace. Pophunzitsa "don't judge a book by its cover", funsani mwambi wonena za cinthu cokongola kunja kokha. Wina adzati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Koma cenjerani: wathuwu ucenjeza za cokongola cokha, pamene wa Cingereziwo utetezanso buku lacikuto cong'ambika lokhala ndi nthano yokoma. Bweretsani buku lotero m'kalasi, muwawerengere ana tsamba limodzi musanawaonetse cikuto cace.