Mdzodzo susiya mnzake wovulala

Tili ana, popita kumunda m'mamawa tinkakumana ndi mzere wa mdzodzo ukudutsa njira, wakuda bii. Pobwerera, nyerere zina zinkakhala zitadzaza chiswe kukamwa, koma zina zinkanyamula nyerere zinzawo. Ine ndinkati imeneyo ndi mitembo, zikukaitaya. Ndakula ndi maganizo amenewo, osadziwa kuti zonyamulidwazo zinali zamoyo.

Amene anaonetsa zimenezi ndi Erik Frank wa ku yunivesite ya Würzburg ku Germany, yemwe wakhala akufufuza mdzodzo wa mtundu wa Megaponera analis m'nkhalango ya Comoé ku Côte d'Ivoire. Nyererezi chakudya chake ndi chiswe basi, ndipo chiswe sichilola kugwidwa wamba: asilikali ake amaluma mpaka kudula miyendo. Mu 2017 Frank ndi anzake anafotokoza kuti nyerere yovulala imatulutsa fungo loitana zinzake, ndipo ikapezeka imapinda miyendo kuti inyamulike bwino mpaka kufuka.

Kufukako ndiye kuli nkhani. Zinzake zimagwira mwendo wodukawo n'kumanyambita bala kwa mphindi zingapo. Mwa nyerere zomwe sizinalandire chisamalirochi, 80 pa 100 zilizonse zinkafa pasanathe tsiku. Mwa zosamalidwa, zinkafa 10 zokha. Kafukufuku wa 2023 anaonjezera china chomwe chimandizizwitsa mpaka lero: nyererezi zimasiyanitsa bala lolowa tizilombo ndi bala labwinobwino. Likakhala lolowa tizilombo, zimatapa mankhwala m'kathumba kam'mbali mwa thupi lawo n'kupaka. Kachilombo komwe zimalimbana nako ndi Pseudomonas aeruginosa, komwenso kamavutitsa madokotala chifukwa kamaoletsa mabala a anthu ndipo kamakana mankhwala ambiri.

Mu 2024 kunadziwikanso kuti nyerere zina za ku Florida zimadula mwendo wa inzawo ikavulala kuntchafu, ntchito yotenga mphindi pafupifupi 40, ndipo zodulidwazo zambiri zimachira.

Akatswiri amachenjeza kuti tisamatche zimenezi chifundo. Amati fuka la mdzodzo limakhala ndi nyerere zochepa, choncho kutaya msaki mmodzi ndi kutaya chakudya cha mawa. Ndikuwamvetsa, ndipo sinditsutsa. Komabe pali mbali imodzi yomwe imandikhudza mtima ngakhale atailongosola motani. Nyerere yomwe yaduka mwendo umodzi kapena iwiri imagonja, imanyamulidwa, ndipo posakhalitsa imaphunzira kuthamanga ndi miyendo yotsalayo n'kubwerera kokasaka. Koma yomwe yaduka miyendo isanu sipinda thupi. Zinzake zimabwera ndithu, zimaigwiragwira ndi tinyanga tawo, zimayesa kuitukula, iyo n'kumangophiriphitha osagwirika, mpaka zimaisiya. Si onyamula amene amagamula kuti uyu sachira.

Mzere uja umapitirira ulendo wa kufuka ndi chiswe chake, iyo itatsala pafumbi pomwe panali nkhondo.