Mutoriro: bala lobisika lili mumtima

HARARE — Nkhondo ya dziko la Zimbabwe yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa crystal meth, omwe m'makomboni a Harare amadziwika kuti mutoriro, guka kapena dombo, yakhala ikumenyedwa ndi apolisi ndi madokotala a matenda a maganizo. Koma kafukufuku wochitidwa pa nyama akusonyeza kuti mankhwalawa amawononganso mtima, ndipo amayamba kutero munthu asanamve ululu uliwonse.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri madera ngati Caledonia, kummawa kwa Harare. Mu 2005, pa ntchito yogwetsa nyumba ya Operation Murambatsvina, boma linkasunga pa famuyi anthu osowa pokhala. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, linati anthu 700,000 anataya nyumba kapena ntchito m'dziko lonselo. Kuchokera nthawiyo Caledonia yakula kukhala dera la anthu miyandamiyanda, ndipo nyumba zamera mofulumira kuposa misewu ndi zipatala. Dera limeneli ndi loyandikana ndi Tafara ndi Mabvuku, komwe kuli mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Boma silinakhale chete. Mu February 2023 apolisi anayamba ntchito yapadera yosaka ogulitsa mankhwalawa, ndipo mu 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anakhazikitsa ndondomeko yothana ndi vutoli yomwe idzafike mu 2030. Komabe mchitidwe wofala ndi wakuti wachinyamata amapita naye kuchipatala pokhapokha mutu ukasokonekera, ndipo chidwi chonse chimakhala pa ubongo.

Mutoriro umachititsa thupi kutulutsa timadzi tambiri tofulumizitsa mtima. Mtima umagunda mothamanga, magazi amakwera ndipo mitsempha imapanikizika kwa maola ambiri. Mkati mwa maselo a mtima muli mapuloteni, ena okoka minofu kuti ipope magazi, ena opanga mphamvu m'tizigawo totchedwa mitochondria. Apa ndi pamene chiwonongeko chimayambira.

Mu 2010 akatswiri a ku Louisiana State University, m'dziko la America, anapatsa makoswe mankhwalawa mobwerezabwereza. Anapeza kuti mapuloteni a mitundu iwiri yonseyi anasinthika chifukwa cha poizoni wopangika m'maselo, ndipo chipinda chachikulu cha mtima chinafutukuka n'kufooka. Kafukufuku wina wa mu 2020 pa mbewa anapeza kuti puloteni yotchedwa Sigmar1, yothandiza mitochondria kugwira ntchito bwino, inachepa, pomwe zipsera zinachuluka m'minofu ya mtima. Chipsera sichikoka, choncho mtima wodzaza zipsera umalephera kupopa magazi okwanira.

Khoswe si munthu, ndipo mlingo umene nyama zimapatsidwa sufanana ndi umene munthu amasuta. Koma zomwe madokotala aona mwa anthu zikugwirizana ndi za nyamazi. Ku Germany, kafukufuku wa mu 2017 pa odwala 30 omwe mitima yawo inafooka ndi mankhwalawa anasonyeza kuti omwe anasiya anapezako bwino kuposa omwe anapitiriza. Kuchuluka kwa zipsera ndi kumene kunkasonyeza ngati mtima ungabwerere mwakale. Ku Japan, mu 1995, ofufuza anaonanso kuti zina mwa zowonongeka m'mitima ya makoswe zinkachira mankhwala akasiyidwa.

Izi zikutanthauza kuti pali nyengo imene mtima ungapulumutsidwe, ndipo nyengoyo imatha. Zizindikiro zoyamba, monga befu pokwera chitunda, kutupa miyendo ndi kugunda kwa mtima kosalongosoka, n'zosavuta kuzinyalanyaza mwa mnyamata wa zaka 25, yemwe abale ake amangomuona ngati wolowerera. Makina ounika mtima amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe, kapena m'zipatala zolipira, ndipo kwa banja lodalira geni ku Caledonia ulendo wotere ndi ndalama zambiri.

Pali njira zosalira chuma chambiri. Namwino angathe kuyeza kuthamanga kwa magazi, kumvetsera mtima, kuona miyendo ndi kufunsa za befu kwa aliyense wofika kudzafuna thandizo losiya mankhwalawa, kenaka n'kutumiza kuchipatala chachikulu omwe akukayikitsa. Mankhwala odziwika a mtima wofooka amathandiza, makamaka wodwala akasiyiratu kusuta.

Phunziroli si la Zimbabwe yokha. Ku Cape Town mankhwala omwewa, omwe kumeneko amati tik, anafala kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo misewu yolumikiza Johannesburg, Harare, Tete, Blantyre ndi Lusaka imayenda anthu ndi katundu tsiku ndi tsiku. Ndondomeko zomwe zimawerenga omangidwa ndi ogonekedwa m'zipatala za maganizo okha zidzaphonya achinyamata omwe mitima yawo ikufooka ali kunyumba.