Mlendo ndi mame: zomwe ndinaona pakhomo pa lesitilanti ya azakhali ku Ngara

Tchuthi chapitachi ndinakwera siyenta ku Mzuzu kupita kwathu ku Ngara mutu uli wodzadza ndi malangizo. Azakhali anga ali ndi kalesitilanti m'mbali mwa msewu wa M1, ka matebulo anayi ndi mabenchi ake, ndipo anali atandidandaulira pafoni kuti masiku ano nsima ikumatsala mumphika. Anthu akungogula chipisi pachiwaya cha panja, kuwaikira m'jumbo, basi ulendo. M'kati muli zii. Nkhaniyi sindinaimve ngati ya wina ayi, chifukwa lendi ya kachipinda kanga komanso gawo la fizi zimachokera m'miphika yomweyo. Mabenchi akakhala opanda anthu ku Ngara, ine ku Mzuzu ndimagonera tiyi.

Malangizo anga anali omwe aja timapatsana ana a pa yunivesite: titsegule tsamba pa Facebook, tilembe chikwangwani chachikulu cha dzina lachingerezi, tisindikize mndandanda wa zakudya wokhala ndi zithunzi, tiike sipika pakhomo. Azakhali anandimvetsera mpaka kumapeto uku akupala nsomba. Kenako anayankha m'Chitumbuka mawu amene ndingawanene motere: "Mwanangu, tenga mpando ukhale pakhomopo masiku atatu. Usalankhule, uzingoona. Ukatha ubwere udzandiuzenso."

Ndinakhaladi, ndipo ndinachokapo ndi maganizo ena. Munthu sakhala pansi kudya chifukwa waona chikwangwani chokongola. Amakhala pansi chifukwa ali ndi chodikira, ndipo wapeza malo oti adikirepo mwaulemu. Lesitilanti ya pa Ngara imene ikufuna anthu odyera pompo isiye kuthamangira odutsa, iyambe kusamalira amene ali kale pamalopo.

Taonani pomwe Ngara ali. Kuchoka ku Mzuzu kukafika pa boma la Karonga ndi makilomita oposa 200, ndipo Ngara ali chakumapeto kwa ulendowo, mutatsika kale mapiri a Chiweta n'kudutsa Chitimba ndi Uliwa. Wopita kumpoto akafika pamenepa amati, "Tatsala pang'ono, ndikadya pa boma." Wochokera ku Songwe kapena pa boma amakhala atangodya kumene. Dalaivala wa siyenta akaima, amaima kuti atsitse mmodzi ndi kukweza wina, injini osazimitsa, pakuti ndalama yake ili pa kuchuluka kwa maulendo. Ndani angatsike kukaitanitsa nsima galimoto ikulira? Wapaulendo akatulutsa dzanja pawindo, akufuna usipa wouma wokasiya kunyumba kapena kachipisi kodyera panjira. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ine ndinkafuna azakhali awononge ndalama yawo yochepayo pokopa mame.

Tsiku lachiwiri ndinadzuka kusanache n'kutsikira kugombe. Usipa amaupha usiku, ndi nyali komanso makoka a chilimira, ndipo mabwato amakocheza m'bandakucha. Nthawi imeneyo gombe limakhala lodzadza: asodzi otopa ndi ozizidwa, anyamata onyamula mabeseni, ndi amalonda ochokera ku Mzuzu ndi madera ena akutali. Ambiri mwa amalondawa ndi amayi, ndipo ena amagona pa Ngara masiku angapo kudikira kuti usipa wawo uume pa thandala. Anthu amenewa ali ndi zinthu zitatu zomwe wapaulendo alibe: nthawi, njala, ndi ndalama imene yangosintha manja. Koma lesitilanti yathu inkakoleza moto dzuwa litakwera, poyembekezera nkhomaliro. Pofika nthawi imeneyo anthu a kugombe anali atamwa kale tiyi wa m'fulasiki chiimirire, asodzi atapita kukagona. Tinkatsegula khomo makasitomala athu enieni atabalalika kale.

Choncho kusintha koyamba sikufuna ngongole ya kubanki. Kukufuna tulo. Moto uyake 5 koloko m'mawa, tiyi wamkaka ndi mandasi, chinangwa chophika, mpunga wotentha zikhale zokonzeka pamene bwato loyamba likukocheza. Masana kuli ena odikira: aphunzitsi, ogwira ntchito zaumoyo, anyamata a kabaza, komanso madalaivala a malole ndi mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, amene akaimika galimoto amaimika kuti apume ndithu.

Koma kukhala ndi chodikira pakokha sikulowetsa munthu m'nyumba. Ndinadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani ngakhale amene ali ndi nthawi amasankha chiwaya cha panja. Yankho loyamba ndi mantha a matenda. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo Karonga, sanapulumuke. Anthu sanaiwale. Chipisi chimatuluka m'mafuta owira iwe ukuona ndi maso ako. Nsima ndi ndiwo za m'lesitilanti zimatuluka kuseri kwa katani, komwe sudziwa kuti mbale yatsukidwa ndi madzi otani. Wachiwaya amatiposa poyera basi: zonse amachitira pamaso pako.

Apa mankhwala ake ndi oonekeratu. Katani ichoke, wodya aziona pophikira. Pakhomo pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, osati beseni limodzi losambamo anthu khumi. Zakudya zikhale zovundikira, madzi akumwa othira mankhwala. Ndipo kuseri kukhale chimbudzi chaukhondo chokhala ndi chitseko chotsekeka. Izi zingamveke ngati nkhani yonyozeka kwa munthu wophunzira zamalonda, koma mayi amene wakhala pagombe kuyambira 3 koloko usiku adzalowa pamalo pamene pali chimbudzi chabwino, ndipo akalowa adzaitanitsa tiyi. Palibe chithunzi cha pa Facebook chingamukope kuposa pamenepo.

Yankho lachiwiri ndi manyazi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuchokera apo mitengo ya zinthu sikhazikika. Munthu amaopa kukhala pansi, kusamba m'manja, n'kuuzidwa mtengo umene m'thumba mwake mulibe, anthu akumuyang'ana. Pachiwaya vutoli kulibe. Umangotchula ndalama imene uli nayo, iye n'kukuyezera chipisi cholingana nayo, ndipo umachoka ndi ulemu wako. Lesitilanti iphunzirepo. Mitengo ilembedwe ndi choko pabolodi la panja, loti munthu awerenge asanalowe, ndipo mbale yatheka iloledwe popanda kumuyang'ana munthu m'maso ngati wapalamula. Mndandanda wosindikiza umene ndinkaufuna uja ukanatha ntchito pasanathe mwezi. Choko chimafufutika.

Nanga tiwapatse chiyani akakhala? Ndikuona kuti malesitilanti ambiri a m'mbali mwa msewu amalakwitsa pofuna kupikisana ndi chiwaya pa chipisi ndi nkhuku yokazinga. Mafuta ophikira ndi okwera mtengo, ndipo mnyamata wapanja salipira lendi ya nyumba, choncho adzakuposani nthawi zonse. Chikhalirecho Karonga ali ndi zake zimene anthu a m'mizinda amazilakalaka. Mpunga wa Kilombero umene m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre umagulitsidwa ngati chinthu chapamwamba umalimidwa konkuno, m'masikimu ngati Wovwe, Hara ndi Lufilya. Kuli kondowole, kuli mbalaga ya nthochi ndi nyama, kuli usipa wauwisi umene unali m'madzi maola ochepa apitawo. Zakudya zimenezi zili ndi khalidwe limodzi lofunika pa nkhani yathuyi: sizidyeka m'jumbo. Zimafuna mbale, msuzi, madzi osamba m'manja ndi pokhala. Chakudya chamsuzi chimamukhazika munthu pansi chokha.

Amene munawolokapo Songwe kupita ku Kasumulu kapena ku Kyela mukudziwa zomwe ndikunena. Amayi ophika kumeneko alibe nyumba zoposa zathu. Koma ukangofika amakulonjera, amakuthirira madzi m'manja, wali ndi nyemba zafika kale patebulo, tiyi ali pamoto tsiku lonse. Amalawi omwewo amene kwathu amadya chiimirire, kumeneko amakhala pansi. Ndiye vuto si lakuti anthu athu sakonda kukhala.

Chotsiriza ndi ulemu, ndipo apa ndi pamene maphunziro anga anandithandizako pang'ono. M'kalasi tinakambapo za Ray Oldenburg, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu wa ku America, amene m'buku lake la 1989, The Great Good Place, anafotokoza kufunika kwa malo achitatu: osati kunyumba, osati kuntchito, koma pomwe anthu amakumana n'kumacheza momasuka. Pamalo ngati Ngara amuna ali nawo kale malo oterewa: pabawo, pamowa, poonetsa mpira. Mayi wamalonda amene wanyamula mpamba wake wonse m'chitenje alibe. Akakhala pamalo pamene pali oledzera, amayamba kumulankhula zachipongwe. Lesitilanti imene ingaletse zimenezi, n'kuika pochajira foni ndi kasola kakang'ono, n'kulola munthu kusungitsa dengu lake pakona, yapeza makasitomala amene palibe wina akuwalabadira. Ndipo amayi amalonda amauzana. Mmodzi akakhutira, ulendo wotsatira amabwera atatu.

Ndikudziwa kuti ena a inu mutsutsa. Wina anena kuti ngati anthu akufuna zonyamula, apatseni zonyamula, msika ndiwo ukulamula. Ndikuvomera kuti chiwaya sichiyenera kuchoka, ndipo azakhali sanachichotse. Koma wogula zonyamula amagula chinthu chimodzi n'kupita, mwina osadzabweranso. Wokhala pansi amawonjezera tiyi, amawonjezera chakumwa, mawa amabwera ndi mnzake. Komanso malonda odalira jumbo ali pamchenga. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ndipo aliyense amene wayendapo pagombe lathu waona kumene majumbo amathera: m'nyanja momwe timapha usipa.

Kutsutsa kwina n'kolemera kuposa apa, ndipo ndi azakhali eniake anakunena. Kasitomala wa tsiku ndi tsiku amasanduka m'bale, ndipo m'bale amadya pangongole. Ali ndi kope lodzadza maina a anthu amene anati adzalipira usipa ukagwidwa. Pamenepa ndilibe yankho la m'buku. Chimene tinagwirizana n'chakuti ngongole ikhale ndi malire odziwika kwa aliyense, ndipo amene wafika pamalirewo ayambe wabweza. Palinso nyengo. Mwezi ukawala kwambiri, nyali za asodzi sizikopa usipa, ndipo nsomba zimachepa. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, mabwato amakhala kumtunda. Masiku amenewo gombe limakhala lopanda anthu, ndipo lesitilanti yodalira gombe iyenera kuchepetsa zophika osati kutaya nsima. Wophika pa Ngara ayenera kuyang'ana mwezi ndi mphepo monga amachitira msodzi.

Zina si za mwini lesitilanti yekha. Madzi aukhondo odalirika, zimbudzi za onse pagombe, ndi malo abwino oimikapo magalimoto akuluakulu m'mbali mwa M1 ndi zinthu zimene khonsolo, makomiti a pagombe ndi amalonda ayenera kukhalira pansi limodzi. Amalonda aang'ono amalipira ziphaso, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zibwerere m'zinthu zooneka.

Kwa anzanga amene tikumaliza maphunziro, ambiri a ife tidzabwerera kumalo ngati Ngara, kaya tikufuna kaya sitikufuna, chifukwa ntchito za m'maofesi sizikukwanira tonse. Tidzapeza mabizinesi a amayi athu, azakhali ndi amalume, omwe anatilipirira sukulu, ndipo tidzafuna kuwasonyeza kuti ndalama yawo sinapite pachabe. Chiyeso chake n'kutenga nzeru zolembedwera malesitilanti a ku London kapena Johannesburg n'kuzikhuthulira pa matebulo anayi a m'mphepete mwa nyanja. Sindikunena kuti intaneti ndi yachabe. Kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kumathandiza, ndipo dalaivala wa lole atha kuimba foni ali pa Songwe kuti mumusungire mpunga ndi nsomba. Koma zimenezi zimabwera pambuyo, mutadziwa kale kuti munthu wanu ndani, amadzuka nthawi yanji, ndipo akuopa chiyani.

Sindinganame kuti mabenchi a azakhali tsopano akusefukira. Tinagula ndowa ya mpopi, tinachotsa katani, tinapaka bolodi, tinakonza chitseko cha chimbudzi, ndipo moto ukuyaka kusanache. Ndalama yonse sinafike pa imene chikwangwani changa chija chikanadya. Tsiku lobwerera ku Mzuzu ndinadikira galimoto pakhomo pomwe paja. M'kati munali amayi atatu, madengu awo ali pakona, foni zili pachaja, akukangana za mtengo wa usipa uku akumwa tiyi wachiwiri. Siyenta inaima, injini osazimitsa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa okweramo amene anayang'ana kulesitilanti. Azakhali anandipatsira mpunga ndi usipa m'kontena, nati, "Ukafika uimbe." Nanenso ndinakwera msangamsanga, osakhala pansi.