Mlendo amene sakamuka ngati mame

Pa shelefu ya mabuku amphatso pa sukulu imene ndimaphunzitsa, chakuno ku Migowi, pali mabuku awiri a ana amene ndikanakonda mphunzitsi aliyense wa m'boma la Phalombe atawawerenga motsatizana. Loyamba ndi Number the Stars la Lois Lowry, lomwe linatuluka mu 1989. Linalo ndi The Upstairs Room la Johanna Reiss, la mu 1972. Onse awiri akusimba za atsikana achiyuda amene anapulumuka m'manja mwa asilikali a Hitler pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chifukwa choti anthu ena anawabisa. Ophunzira anga amalimbirana loyambalo. Ine ndikuti lachiwirilo ndi limene tikulisowa kwambiri, ife amene tinasungapo ana a eni ake othawa nkhondo.

Nkhani ya Lowry ikuchitikira mumzinda wa Copenhagen ku Denmark mu 1943. Annemarie Johansen ndi mtsikana wa zaka 10, ndipo mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Ellen Rosen, ndi Myuda. Mbiri itamveka yoti Ayuda ayamba kugwidwa, makolo a Annemarie akumutenga Ellen kuti azioneka ngati mwana wawo Lise amene anamwalira. Pakati pa usiku asilikali akugogoda. Annemarie akudula kamkanda ka nyenyezi ya Davide m'khosi mwa mnzakeyo n'kukafumbata. Msilikali atafunsa chifukwa chake mwana mmodzi yekha ali ndi tsitsi lakuda, bambo akuthothola m'buku chithunzi cha Lise ali khanda, poti naye anabadwa ndi tsitsi lakuda. Kenako ulendo wa ku Gilleleje kwa amalume ake a Annemarie, a Henrik, omwe ndi msodzi. Kumeneko kuli maliro abodza, bokosi lake lodzaza zovala ndi mabulangete, ndiponso kansalu kothiridwa mankhwala osokoneza mphuno za agalu a asilikali. Ndikamawerenga zimenezi mokweza uku ndikumasulira m'Chichewa, belu la buleki limalira popanda wodzuka.

Maziko a nkhaniyi ndi oona. Mu Okutobala 1943 asodzi ndi anthu wamba a ku Denmark anawolotsa Ayuda oposa 7,000 kupita ku Sweden, ndipo amene anagwidwa n'kutumizidwa ku msasa wa Theresienstadt sanafike 500. Bukuli linapata mendulo ya Newbery mu 1990, ndipo linayeneradi.

Reiss yekha sanachite kupeka, analemba zimene zinamuonekera. M'bukumo iye ndi Annie de Leeuw, mwana wa munthu wogula ndi kugulitsa ng'ombe m'tauni ya Winterswijk ku Netherlands. Mu 1942 banja linabalalika. Amayi anamwalira m'chipatala, abambo anakabisala kwawokwawo, mkulu wake Rachel kwinanso, ndipo Annie ndi mkulu wake wina, Sini, anakathera m'mudzi wa Usselo kwa mlimi Johan Oosterveld, mkazi wake Dientje ndi amayi a Johan okalamba, a Opoe. Pangano linali loti akhalepo kanthawi kochepa. Anatulukamo mu Epulo 1945, asilikali a ku Canada atafika.

Zaka zoposa ziwiri m'chipinda chapamwamba! Muno mulibe kuthamanga m'nkhalango ndi phukusi lachinsinsi ngati m'buku la Lowry. Muli kunyong'onyeka, kukangana kwa pachibale, kuletsedwa kusuzumira pawindo, ndi miyendo ya Annie imene inafooka n'kupindika chifukwa chosayenda. Tsiku lina Johan anawamvera chisoni, nawanyamula pa wilibala atawafunditsa, kukawasiya m'munda wa tirigu kuti aone dzuwa. Kunyumba kunabwera alendo, iye analephera kukawatenga msanga, ndipo ana amene khungu lawo linali litaiwala dzuwa anapsa nalo tsiku lonse. Nthawi ina asilikali a Germany anatenga zipinda zapansi za nyumba yomweyo kukhala ofesi yawo, anawo ali pamwamba pa mitu yawo, akuopa ngakhale kutsokomola. Mantha a banjali sanali opanda pake: mwa Ayuda pafupifupi 140,000 a ku Netherlands, oposa 100,000 anaphedwa.

Kusiyana kwa mabukuwa kwagona pa amene akusimba, ndi kutalika kwa ulendo. Kwa Lowry timaona ndi maso a mwana wa eni nyumba. Ellen salankhula zambiri, timamumvera chisoni koma sitilowa m'mutu mwake. Ngozi ndi ya masiku ochepa, ndipo opulumutsa onse ndi anthu aulemu, odziwa chochita. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo Ellen ndi mlendo wotero. Kwa Reiss wosimba ndi mwana wosungidwayo, ndipo eni nyumba sanadzoledwe mafuta. Dientje ndi wamantha ndipo sabisa. Johan ndi wodzitama ndi wapakamwa. A Opoe poyamba sanakondwe nazo zosunga ana achilendo. Komabe m'mawa uliwonse mbale inkakwera pamwamba, ndipo palibe anawauza anawo kuti longedzani.

Anthu otere ife timawadziwa. Kuyambira mu 1986, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ya ku Mozambique inakhuthulira anthu kuno kuchokera mbali za Milange. Ena analowa mu msasa wa ku Chiringa, ena anangofikira m'makomo, poti Alhomwe a mbali ino ndi a mbali iyo ndi amodzi. Pofika mu 1992 Malawi inali ikusunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje anachuluka kuposa eni nthaka. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anabwerera.

Tikamakumbuka nthawi imeneyo timangoti tinawalandira ndi manja awiri. Si bodza, koma ndi theka chabe la nkhani. Ndili ku pulayimale, kwa agogo anga kunafikira mayi wina ndi kamtsikana kake. Anapempha kugona m'khitchini mpaka kwawo kutazizira, koma dzinja linabwera n'kupita kangapo iwo ali pompo. Kamtsikanako kakamva njinga yamoto kankataya ndowa n'kulowa m'chimanga. Pa mjigo sikankatsegula pakamwa, chifukwa ana a m'mudzi ankakaseka kakasakaniza mawu a Chipwitikizi. Agogo ankang'ung'udza madzulo alionse kuti nkhokwe itha Khirisimasi isanafike, uku akuomola nsima ya alendowo, ndipo mtanda wa mwanayo sunkachepa. Kunali mikangano ya nkhuni m'mphepete mwa phiri. M'chilala cha 1992 kunalinso kaduka, poti a mu msasa ankalandira ufa ndi mafuta ophikira pamene eni mudzi akugona ndi njala, mpaka ena kumakasinthanitsa nkhuni ndi masamba kuti apezeko kaufa. Zonsezi zikatchulidwa ulemu wa agogo anga suchepa ayi. Umakula, chifukwa anasunga anthu zikuwapweteka.

Ilipo nkhani ina imene timailambalala dala. A Mboni za Yehova analetsedwa m'dziko muno mu 1967, ndipo mu 1972 ndi 1975 anazunzidwa koopsa chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Nyumba zinatenthedwa, ana anachotsedwa sukulu, anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, ena n'kukathera m'misasa ya cha ku Milange, kuseri kwa phiri kwathu konkuno. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Apa panalibe msilikali wachilendo woti timuloze chala. Wothamangitsa anali mnansi, ndipo wotsegula chitseko cha kumbuyo usiku analinso mnansi.

Sindikuyerekeza kukula kwa matsokawa. Ku Ulaya boma linakonza zofafaniza mtundu wonse, ndipo Ayuda 6 miliyoni anaphedwa, pafupifupi 1.5 miliyoni mwa iwo ali ana. Zimenezo zili pazokha. Chofanana ndi funso limene mwana wothawa amagona nalo, loti anditsegulira ndani, ndipo andisunga mpaka liti. Lowry akuyankha mbali yoyamba. Reiss akuyankha zonse ziwiri.

Mphunzitsi mnzanga amanditsutsa. Iye amati buku la Reiss limayenda pang'onopang'ono, ndipo mwana wa Sitandade 7, amene Chingerezi chikumuvuta kale, amafunika nkhani yomulimbitsa mtima. Ndikuvomereza kuti tiziyamba ndi Lowry, pakuti ndi amene amakoka mwana kuti akonde buku. Koma tikalekera pomwepo timuphunzitsa kuti chifundo ndi kulimba mtima kwa usiku umodzi. Mwana wotere akadzakula adzadabwa mlendo akapanda kuchoka, ndipo adzaona ngati wapusitsidwa.

Kodi si zimene zikutichitikira? Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ena obadwira momwemo amene tsopano ali ndi ana awoawo. Mu Meyi 2023 othawa kwawo amene ankakhala mumzinda wa Lilongwe anagwidwa, ana omwe, n'kusungidwa ku ndende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka, ndipo ambiri a ife tinaombera m'manja. Kumapeto kwa 2024 anthu zikwizikwi anawolokeranso ku Nsanje ndi Chikwawa pothawa zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique. Ndipo ife a Phalombe, amene namondwe wa Freddy anatigoneka m'makalasi ndi m'nyumba za achibale mu Malichi 2023, tikudziwa mmene nkhope ya mwini nyumba imasinthira sabata yachitatu ikakwana.

Pempho langa ndi laling'ono. Kumene mabuku awiriwa alipo, aphunzitsi tiwawerenge onse, ndipo tikatha tiwatume ana akafunse agogo awo kuti m'khitchini mwawo munagona ndani mu 1987, anadya chiyani, anakangana pa chiyani. Kwa olemba athu, a bungwe la Malawi Writers Union ndi ena onse, ndikuti tilembereni buku la ana la m'Chichewa ndi m'Chilhomwe lochokera ku Chiringa kapena ku Muloza, ndipo wosimba akhale mwana wosungidwayo, asakhale mwana wa eni nyumba. A Mulhako wa Alhomwe angathandize kusonkhanitsa maumboni, pakuti nkhaniyi ndi ya mbali zonse ziwiri za malire. Amene anasunga alendo aja akutha mmodzimmodzi. Ana amene anasungidwa ali ndi zaka za m'ma 40, ndipo ena timagulana nawo nandolo ndi chimanga m'misika ya m'malire. Reiss analemba lake patapita zaka 27 nkhondo itatha. Ife tapitirira kale zaka 30.