Mnzathu akafuna kusiya mowa, timulozera kuti?

Imodzi mwa ntchito zathu ife a zaumoyo ndi kuyendera anthu amene asiya kubwera kuchipatala kudzatenga mankhwala a ma ARV. Tsiku lina tinafika pakhomo pa mnyamata wina amene anali atadumphitsa miyezi iwiri. Mankhwala sanali kumuvuta ndipo kuchipatala si kutali. Vuto linali kachasu. Anatiuza kuti wayesa kusiya katatu koma amabwereranso, kenaka anatifunsa kuti, “Nanga anthu onga ine amakumana kuti?” Tinangoyang'anana, yankho tinalibe.

Manyaziwa ndi athu tonse, kuphatikizapo inu a m'makalabu a achinyamata. Munthu akapezeka ndi kachirombo ka HIV timadziwa komulozera, chifukwa magulu othandizana monga a NAPHAM ndi ma Teen Club timawadziwa. Koma wa mowa timangomutcha chidakwa, kumuseka akagona m'ngalande, ndi kumuika m'sewero kuti anthu aseke pa tsiku lokumbukira za Edzi.

Chonsecho mowa ndi kachiromboka zimayendera limodzi. Munthu akaledzera kondomu amayiiwala. Amene ali pa ma ARV amadumphitsa, ndipo ena amachita dala poganiza kuti mankhwala sayenera kukumana ndi mowa m'mimba. Kumeneko ndi kulakwitsa. Ngakhale mwamwa, imwanibe mankhwala anu, pakuti kudumphitsa kumapatsa kachirombo mpata wochulukana ndi kuyamba kupirira mankhwalawo.

Nzeru yoti omwa azithandizana okhaokha si yachilendo. Mu 1935, ku Akron m'dziko la America, amuna awiri amene mowa unawagonjetsa, Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith, anaona kuti akamakambirana za vuto lawo amatha kukhala osamwa. Kumeneko ndi kumene kunayambira Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, imene lero ili m'maiko ambiri. Kulowa salipira. Safunsa mpingo wanu kapena dzina la bambo anu, dzina loyamba ndi lokwanira. Chofunika ndi chimodzi basi, kufuna kusiya mowa. Salonjeza zosiya moyo wonse, amangolimbana ndi tsiku la lero, mawa adzaliona likafika. Achibale a omwa nawo ali ndi gulu lawo lotchedwa Al-Anon, limene linayamba mu 1951.

Ena amatiuza kuti zimenezi ndi za azungu, kuno pemphero ndi lokwanira. Ife sitikutsutsa pemphero. Koma mapemphero akatha munthu amabwerera kumudzi kumene anzake akumudikira ndi botolo, ndipo madzulo a Lachisanu amafuna wina amene anamvapo ludzu lomwelo ndipo analipirira. Abusa kapena ife a zaumoyo tingalangize bwino, komabe amene sanadzukepo manja akunjenjemera mawu ake salowa mofanana.

Tsono gulu lingapezeke bwanji? Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi. Funsani namwino woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma, aphungu a koyezera magazi, kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu amene akodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, choncho ndi malo abwino ofunsako. Funsaninso m'matchalitchi ndi m'mizikiti, chifukwa magulu otere kawirikawiri amabwereka chipinda kumeneko ndipo sapachika chikwangwani chachikulu. Mukamva za gulu, tsimikizani tsiku ndi nthawi musanatumizeko munthu. Wofuna kusiya akapeza chitseko chotseka, sabwereranso kachiwiri.

Chenjerani ndi malo amene amayamba ndi kutchula ndalama, kugulitsa mankhwala akuti amathetsa mowa pa tsiku limodzi, kapena kuuza munthu kuti ataye ma ARV.

Tinene zoona, m'madera ambiri akumudzi mudzafunsa ponseponse osapeza gulu. Pamenepo kalabu yanu ingathandize. A AA amati ngakhale anthu awiri kapena atatu ofuna kusiya mowa akhoza kupanga gulu. Inu pemphani chipinda kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa amfumu, ola limodzi pa sabata, kenaka tulukani muwasiye okha. Musalembe maina m'kaundula wa kalabu, musajambule zithunzi zoika pa WhatsApp, ndipo musamuimiritse munthu pagulu kuti apereke umboni. Kalabu zathu zimakonda malipoti, koma apa lipoti lingaphe gulu lisanayambe.

Chinthu china chofunika kwambiri ndi ichi. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha. M'masiku awiri kapena atatu oyamba akhoza kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka ngati wakhunyu, ndipo ena amamwalira. Si ufiti ayi, ndi thupi limene linazolowera mowa. Ameneyu ayambe waonana ndi dokotala, gulu libwere pambuyo.

Mnyamata uja anayambiranso mankhwala. Mowa sanausiyiretu, mwezi wathawu anagwanso kamodzi. Panopa amakumana ndi anzake awiri Lachitatu lililonse m'kalasi ina ana akaweruka, ndipo ife ntchito yathu ndi kukatenga kiyi basi.