Musaswe mbale za agogo

Anzanga a pamsika, sabata ino za mtengo wa tomato ndi ziphaso za khonsolo tiziike kaye pambali. Ndili ndi kanthu kakundiwawa mumtima.

Mwezi watha tinali kumudzi kogawa katundu wa malemu agogo anga aamuna. Njinga inapita kwa amalume, malata kwa azakhali, wailesi anthu anatsala pang'ono kuchitirana nkhonya. Koma chibokosi chomwe chinali pansi pa bedi palibe anachifuna. M'menemo munali mbale za galamafoni, zakuda, zolemera, zimene agogo anabwera nazo kuchokera ku Salisbury komwe anachona zaka zambiri. Zinayi msuweni wanga anali atakazimangirira kale kudimba, ati zizithamangitsa mbalame. Abale inu! Zotsalazo, 19, ndinazifungata pamiyendo m'minibasi ngati mazira.

Mukuti muli chiyani m'mbalezi? Muli malipenga a jazi ya ku America, ya mabandi akuluakulu aja ankawatcha big band. Bandi imodzi inkakhala ndi anthu 15, pena 17: oimba malipenga, masakisofoni, piyano, ng'oma, onse m'chipinda chimodzi. Mbale za nthawi imeneyo zinkazungulira maulendo 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu basi. Kunalibe zoti uimbe lero mnzako adzaimbe mawa, kompyuta ilumikize. Mmodzi akaphonya, gulu lonse linkayambiranso. Inu amene mumayeza nyemba kasitomala akuyang'anitsitsa sikelo mukudziwa chimene ndikunena: pamenepo palibe pobisala.

Mbale yomwe agogo ankaikonda kwambiri ndi Skokiaan ya Louis Armstrong, ya 1954, nyimbo imodzi mbali zonse ziwiri. Anthu ambiri sadziwa kuti nyimboyi si ya ku America. Anaipeka August Musarurwa, woimba sakisofoni wa ku Southern Rhodesia, lero Zimbabwe, ndipo dzinalo ndi la mowa wophikidwa mobisa, m'bale wake wa kachasu. Armstrong atayendera Africa mu 1960 anafikanso ku Salisbury. Agogo ankati analipo tsikulo, atavala suti yobwereka, ndipo nkhaniyi anatiuza mwina kokwana 100. Ife tinkangoseka n'kumati, "Agogo mwayambanso." Lero ndikanalipira kuti ndiimvenso kamodzi.

Ina ndi ya bandi ya Duke Ellington, Concerto for Cootie, ya 1940. Woimba lipenga mmenemo ndi Cootie Williams. Mkuluyu ankatenga mphira uja amatsegulira chimbudzi chikatsekeka, n'kumatseka ndi kutsegula kukamwa kwa lipenga. Lipengalo limayamba kung'ung'udza, kudandaula, kulira, ngati mayi amene wamva kuti bale la kaunjika lomwe wagula ladzaza masanza. Kenako amachotsa mphira uja, lipenga n'kumveka mbee! Ndili mwana ndinkafunsa kuti, "Agogo, ndani akulankhulayo?" Iwo ankangogwedeza mutu, maso ali tsinzi, chala chili m'mwamba kuti ndikhale chete.

Pali inanso ya Dizzy Gillespie, Manteca, ya 1947, momwe ng'oma akuimba ndi Chano Pozo wa ku Cuba. Imeneyo ikangoyamba, agogo aakazi ankasiya mthiko mumphika.

Nanga mabandi amenewa anapita kuti? Bizinesi, anzanga. Kudyetsa, kugoneka ndi kulipira anthu 17 paulendo si masewera. Nkhondo yachiwiri itatha maholo ovinira anayamba kuchepa anthu, ndipo kumapeto kwa 1946 mabandi angapo otchuka anatha. Armstrong mwiniwake anasiya bandi yake yaikulu mu 1947 n'kutsala ndi kagulu kochepa. Mpamba ukamadyedwa ndi olo wogulitsa wamphamvu amachepetsa benchi.

Wina anena kuti, "Aise, iwe wabadwa dzulodzuloli, ukulira chiyani nyimbo za azungu?" Choyamba, onse ndatchulawa ndi anthu akuda. Chachiwiri, n'zoona, nthawiyo sindinaione. Nyimbozi ndazipezanso pa intaneti, zili mu foni, zomveka bwino zedi. Koma mulibe kuthetheka kwa singano, mulibe kupukusa chogwirira cha galamafoni mkono mpaka kuwawa, mulibenso nkhalamba yondiopseza kuti ndikagwetsa mbale ndigona ndi njala. Pa chikutiro cha mbale iliyonse agogo analemba ndi pensulo mwezi womwe anaigula. Munthu wolandira ndalama zochepa m'dziko la eni, akutumizanso zina kumudzi, koma n'kumapatula kangachepe kogulira lipenga! Zimenezo foni singandiuze.

Tsono pempho langa lipite kwa inu ogulitsa zitsulo zakale, mawailesi akufa ndi katundu wa pamaliro, kaya ku Limbe, kwa Ndirande, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Munthu akakubweretserani mbale zakuda zolemerazi musaziponye m'thumba limodzi ndi masipanala. Sizipindika ayi, zimasweka ngati mbale yadothi. Musaziyanike padzuwa. Musazipukute ndi sipiriti, imadya mbaleyo; kansalu kouma kofewa n'kokwanira. Ziimikeni chilili, osati kuziunjika. Ndipo musanagulitse funsani mwini wake ngati kunyumba kulibe mdzukulu wozifuna, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno, mbale ikasweka yapita.

Galamafoni ya agogo ili panyumba panga, sipuling'i inaduka. Amisiri a mafoni ndawafunsa, akungoizungulira ngati aona njoka. Ngati pamzere wanu pali mdala wokonza mawotchi amene anagwirapo makina otere, siyani uthenga ku ofesi ya nyuzipepala ino. Tsiku lomwe idzalire ndidzabwera nayo pamsika, timvere limodzi Skokiaan, mandasi ndidzagula ndine.

Zinayi zija za kudimba ndapita nditakazimasula, ziwiri zinali zitasweka kale. Mbalame nazo mpunga zinadya ndithu.

Tionana sabata yamawa.