Pogula Kompyuta ya Mwana Wofuna Kupanga Magemu

Makolo anzathu a kwa Mwambo, kwa Kuntumanji, pa Kachulu ndi pa chilumba cha Chisi, nkhani yathu ulendo uno ndi ya ana amene atopa n'kungosewera magemu pa foni ndipo akufuna kuyamba kupanga awoawo. Mwana wotere akapempha kompyuta tisamukalipire, pakuti luso lolemba mapulogalamu ndi lomwe ena akuphunzira ku Yunivesite ya Malawi mumzinda wa Zomba. Komabe tisathamangire kugulitsa mpunga wonse kapena bwato. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo tonse tikudziwa kuti ndalama ya matemba ilibe pangano.

Choyamba, timufunse mwanayo pulogalamu imene adzagwiritse ntchito, chifukwa ndiyo imatiuza makina oyenera. Wongoyamba kumene angaphunzire ndi Scratch, imene inatuluka ku MIT, ku America, mu 2007. Akakhwima asamukire ku Godot, imene anthu amaitenga ulere kuyambira mu 2014. Mapulogalamu awiriwa ndi opepuka ndipo akalowa mu kompyuta amagwira ntchito popanda intaneti. Unreal Engine ndiye imafuna makina amphamvu ndi odula. Imeneyo idikire kaye.

Chachiwiri, tiganizire za magetsi. Makomo ambiri kunyanja kuno timadalira sola. Laputopu wamba imakoka mawati pakati pa 45 ndi 65, pamene kompyuta yaikulu ya magemu ingathe kupyola mawati 300. Laputopu ilinso ndi batire, kotero magetsi akathima ntchito ya mwana sitayika.

Chachitatu, tione za m'kati. RAM isachepere 8 GB. Mosungira zinthu mukhale SSD ya 256 GB, chifukwa ndi yachangu ndipo ilibe ziwalo zozungulira zimene zimafa ndi mabampu a pamsewu wa ku Kachulu. Ngati ili ya Intel Core i5, ikhale ya m'badwo wa 8 kapena woposa apo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okotobala 2025, ndipo makina ambiri akale kuposa amenewa sakulandira Windows 11. Khadi lapadera la zithunzi silofunika kwa amene akupanga magemu osavuta, monga bawo wa pa foni.

Chiyambire kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, katundu wakunja wakwera mtengo, choncho ambiri tidzagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tipite ndi munthu wodziwa, tiiyatse pamaso pa wogulitsa, tiichotse ku magetsi kwa ola limodzi kuti tione mphamvu ya batire, tiyese mabatani onse, ndipo tisachoke opanda lisiti, kuopa kugula katundu wakuba. Za katapila ayi. Ndi bwino kusunga pang'onopang'ono mpaka zitakwana.

Ikafika pakhomo, tiiteteze ku fumbi ndi chinyontho, ndipo tisaiike pa matiresi pomwe mpweya sungalowe. Tigwirizanenso ndi mwanayo za nthawi, kuti sukulu ndi ntchito zapakhomo zisagone. Ndipo ngati pakhomopo pali mtsikana wa chidwi chomwechi, naye apatsidwe mpata wofanana ndi wa mlongo wake.